Mnzanu Akatchinga Njira, Mukweze Kufika Pati?

 Lero bawo tiiike kaye pambali. Amene muli ndi paketi ya makadi m'nyumba, itengeni, muchotsemo majoka, muyale mphasa, chifukwa nkhani ya leroyi imamveka bwino makadi ali m'manja.

Ndikudziwa kuti kwathu kuno ku Phalombe mwana akatulutsa makadi m'thumba, makolo amakwinya nkhope. Makadi anaipa mbiri chifukwa cha njuga ya kuseri kwa msika, ija imamaliza ndalama za nandolo dzuwa lisanalowe. Koma ndi makadi omwewa kuli masewera ena otchedwa contract bridge, ndipo pa mpikisano wake sipakhala kubetcha. Malamulo ake a masiku ano anawakonza ndi Harold Vanderbilt wa ku America m'chaka cha 1925, ali pa ulendo wa pa sitima ya pamadzi yotchedwa Finland. Bungwe loyendetsa masewerawa padziko lonse, World Bridge Federation, linakhazikitsidwa mu 1958, ndipo mu 1999 komiti ya masewera a Olympic inalivomereza. Ife a mu Africa sitili kunja kwa mpanda ayi. Mu 2007 ku Shanghai, pa chikho chachikulu cha Bermuda Bowl, timu ya South Africa inagwetsa Italy, dziko la akatswiri otchuka, n'kufika mu semifainolo. Mu 2023 chikho chomwecho chinachitikira pa nthaka ya Africa, ku Marrakech m'dziko la Morocco. Pa mipikisano yotereyi makadi omwe mwasewera inu pa tebulo lino amawanyamula momwemo kukawapatsa a tebulo lina, kenako amakuyerekezani ndi anzanu amene anagwira makadi omwewo. Wodandaula kuti analibe mwayi amasowa pogwira.

Pa bawo zonse zili poyera: maenje 32, nkhomo 64, ndipo katswiri amaona kumene dzanja lake likagonere asanayambe n'kutakata komwe. Pa bridge mumayamba mukuona makadi 13 okha mwa makadi 52, ndipo simusewera nokha. Mnzanu wakhala moyang'anizana nanu, adani awiri ali kumanja ndi kumanzere, ndipo simuloledwa kumuuza mnzanuyo kanthu kalikonse kupatula zimene mukutchula poyera aliyense akumva.

Kasewereredwe kake mwachidule ndi aka. Aliyense amaponya khadi limodzi, makadi anayiwo amapanga mulu, ndipo woponya khadi lalikulu amadya muluwo. Milu yonse ndi 13. Mtundu umene wayamba, aliyense amayenera kuutsata ngati ali nawo. Akakhala alibe, angathe kudula ndi trampu, ndiye kuti mtundu umene wasankhidwa kuti ulamulire ina yonse. Mitunduyo, kuyambira wotsika, ndi makilabu, madayamondi, mitima ndi masipedi, ndipo pamwamba pa yonseyi pali kusewera popanda trampu. Khadi lisanaponyedwe ngakhale limodzi, pamakhala okushoni. Munthu akati "mtima umodzi", akulonjeza kuti iye ndi mnzake adya milu 7, mitima ikhala trampu. Milu 6 yoyamba amangoiwerengera mumtima, choncho "mitima itatu" ndi lonjezo la milu 9, "mitima inayi" ndi milu 10. Wotsatira amatchula chokwera kuposa chimene chatchulidwa, kapena amati "pasi", kapenanso "dabulo", kutanthauza kuti mdani wangayu sakwanitsa, chilango chake chikule. Makwerero onse, kuchokera pa kilabu imodzi kufika pamwamba penipeni, alipo 35.

Poyeza mphamvu ya dzanja, eisi amaiwerengera mapointi 4, kingi 3, kwini 2, jeki 1. Paketi yonse ili ndi mapointi 40. Munthu amatsegula okushoni akakhala ndi 12 kapena 13, ndipo anthu awiri akaphatikiza 25 kapena 26 amayembekeza gemu, lonjezo lokhala ndi bonasi yaikulu. Pa mitima ndi masipedi gemu ndi milu 10. Posewera popanda trampu ndi milu 9. Pa makilabu ndi madayamondi ndi milu 11.

Tsopano malikisi, ndipo apa tcherani khutu chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Pa dzanja lililonse, mbali iliyonse imakhala yofiira kapena yobiriwira, ndipo zimalembedwa pa bolodi lonyamulira makadi. Gemu ya mitima kapena masipedi imapereka malikisi 420 kwa obiriwira, 620 kwa ofiira. Mukalephera lonjezo adani atakupangani dabulo, muli obiriwira, mulu umodzi woperewera ndi 100, iwiri 300, itatu 500, inayi 800. Muli ofiira, umodzi ndi 200, iwiri 500, itatu 800. Mukuona apa kuti nthawi zina kugwa kumapindulitsa. Adani akakhala ndi 620 m'manja mwawo, inu n'kuwalanda okushoni n'kugwa ndi 500, mwapulumutsa 120.

M'menemo ndi momwe munabadwira kutchinga njira. Munthu ali ndi dzanja lofooka, mapointi osapitirira 10, koma ali ndi mtundu umodzi wautali, makadi 7. M'malo monena pasi, amatsegula ndi "mitima itatu". Adani amene mwina ali ndi mphamvu zonse, amene amafuna kuyambira pansi n'kumauzana pang'onopang'ono zomwe ali nazo, amapeza kuti makwerero 13 oyamba apita. Zili ngati ngolo ya ng'ombe imene yalowa mumsewu wopapatiza wa ku Fort Lister patsogolo pa galimoto zothamanga: ilibe injini, koma msewu ndi wake, ndipo wofuna kuidutsa ayenera kudutsira m'mphepete mwa phompho osaona kutsogolo. Ely Culbertson, amene anatchukitsa masewerawa ku America m'zaka za m'ma 1930, anapereka muyeso wake. Ukakhala wofiira, usalonjeze kuposa milu iwiri pamwamba pa imene uli nayo wekha. Ukakhala wobiriwira, itatu. Njira zonse ziwiri, mnzako akapezeka alibe kanthu, chilango ndi 500. Osewera a masiku ano ambiri anaumasula muyesowu, koma ndi poyambira pabwino.

Ndiye mnzanu watchinga. Watchula mitima itatu. Funso la lero ndi lanu, inu amene mwakhala moyang'anizana naye. Yalani makadi ake motere kuti tiyendere limodzi: mitima 7, kingi, kwini, jeki, teni ndi timakadi titatu, sipedi imodzi yaing'ono, madayamondi atatu ang'onoang'ono, makilabu awiri ang'onoang'ono. Mapointi ake ndi 6. Mitima ikakhala trampu, adya milu 6, eisi yokha ndi imene imudyere. Mitima ikapanda kukhala trampu, dzanjali ndi lakufa.

Dzanja lanu loyamba nali. Masipedi anayi: kingi, kwini, jeki ndi kakang'ono. Mtima umodzi waung'ono. Madayamondi anayi: kwini, jeki ndi tiwiri. Makilabu anayi: kingi, kwini, jeki ndi kakang'ono. Mapointi 15, zithunzi zokhazokha, dzanja lokondweretsa maso. Wophunzira kumene akaligwira, mtima umamugunda, pakamwa pamayabwa, amafuna kunena "mitima inayi". Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Werengani zimene adani adye asanakupatseni mpata: eisi ya masipedi, eisi ya mitima, eisi ndi kingi ya madayamondi, eisi ya makilabu. Milu isanu. Mwa 13 mwatsala ndi 8. Ngakhale mitima itatu ija mnzanu saikwanitsa, nanji inayi. Wina anganene kuti, chabwino, tiyeni tisewere popanda trampu, milu 9 yokha. Kumeneko ndiye kuphompho kwenikweni. Mtima muli nawo umodzi. Mukauponya, eisi ya adani ikatuluka, mulibenso khadi lokufikitsani kwa mnzanu, ndipo mitima yake yonse ija iwolera pa tebulo mukuiona. Ndi dzanja ili nenani pasi, ndipo muinene mosanyinyirika. Mukatero adani angaganize kuti mphamvu zili kwa iwo, n'kulowa mu okushoni, ndiye makingi ndi makwini anuwo adzagwira ntchito yeniyeni, yowagwetsa.

Dzanja lachiwiri. Masipedi anayi otsogozedwa ndi eisi. Mitima iwiri yaing'ono. Eisi ya madayamondi ndi kakang'ono. Makilabu asanu otsogozedwa ndi eisi ndi kingi. Werengani mapointi: ndi 15 omwe aja. Koma werengani milu. Mnzanu ali ndi 6, inu mukubweretsa inayi imene palibe angaitsekereze. 6 kuphatikiza 4 ndi 10. Mitima inayi, ndipo mnzanu aikwanitsa asanatuluke thukuta. Mapointi ofanana, dzanja lina likugwa pa 9, lina likudya 10. Muyeso wa 4, 3, 2, 1 unapangidwira manja awiri amene mitundu yake ndi yolingana. Munthu wa makadi 7 a mtundu umodzi watsala ndi makadi 6 okha m'mitundu ina itatu, ndipo zimene zimamuthandiza ndi zophimba makadi 6 amenewo pa ulendo woyamba kapena wachiwiri. Kwini ndi jeki zimadya pa ulendo wachitatu, pamene mnzanuyo anali atayamba kale kudula ndi trampu. Choncho mnzanu akatchinga, lekani kuwerenga mapointi, werengani maeisi ndi makingi, ndipo mudzifunse kuti ndikumubweretsera milu ingati.

Dzanja lachitatu ndi limene ine ndimalikonda, ndipo ndi limene anthu ofatsa amalilakwitsa. Masipedi atatu ang'onoang'ono. Mitima inayi yaing'ono. Dayamondi imodzi. Makilabu asanu otsogozedwa ndi kwini. Mapointi awiri basi. Mnzanu watsegula mitima itatu, mdani wa kumanja kwanu wati dabulo, pofuna kuti mnzake asankhe mtundu. Inu ndinu obiriwira, iwo ndi ofiira. Munthu wofatsa amayang'ana makadi akewo n'kunena kuti ine ndilibe kanthu, ndikhale chete. Koma taganizani. Mnzanu sapitirira mapointi 10, inu muli ndi awiri. Pa makadi tayala apawa adani ali ndi 32. Gemu ndi yawo popanda kukayika, ndipo silamu, lonjezo la milu 12, ili pafupi. Silamu ya masipedi kwa ofiira ndi malikisi 1430. Chimene sakudziwa n'chakuti mphamvu zawozo zagawika bwanji pakati pawo, ndipo kuti adziwe akufunika makwerero. Alandeni makwererowo. Nenani "mitima isanu" nthawi yomweyo.

Mugwa, inde. Adya sipedi imodzi, eisi ya mitima, dayamondi imodzi ndi makilabu awiri. Madayamondi ena awiri a mnzanu adulidwa ndi timitima tanu tija. Mudya milu 8 pa lonjezo la 11, ndipo akakupangani dabulo mulipira 500. Iwo akanangotchula gemu yokha akanapeza kupitirira 620. Tsono onani mdani wa kumanzere kwanu mmene mwamuikira. Chotsika kwambiri chimene angatchule ndi masipedi asanu. Sangafunse mnzake kuti ali ndi maeisi angati. Sangadziwe ngati mtundu wawo wabwino ndi masipedi kapena madayamondi. Ayenera kungolota. Akalota bwino, zikomo, palibe chimene mwataya, silamuyo inali yawo kale. Akalota molakwa, malikisi ndi anu.

Kodi n'chifukwa chiyani ndati isanu, osati inayi kapena 6? Apa pali chiwerengero chimene anachitulukira Mfalansa wina, Jean-René Vernes, n'kuchifalitsa m'magazini ya The Bridge World mu 1969. Atafufuza manja ambiri a m'mipikisano ya padziko lonse, anapeza kuti milu imene mbali yanu ingadye ndi trampu yake, kuphatikiza imene adani angadye ndi trampu yawo, imayandikira chiwerengero cha matrampu a mbali zonse ziwiri pamodzi. Larry Cohen wa ku America anachitchukitsa ndi buku lake la 1992, To Bid or Not to Bid, ndipo langizo lotuluka m'menemo ndi losavuta: kwezani mpaka milu ilingane ndi matrampu amene muli nawo awirinu. Mnzanu ali ndi 7. Inu mukakhala ndi atatu, ndi 10, mitima inayi. Mukakhala ndi anayi, ndi 11, mitima isanu. Chonde mumvetse bwino, chiwerengerochi sichikulonjeza kuti mudya milu 11. Chikunena kuti mukagwa kwambiri, ndiye kuti adani anali ndi zambiri, ndipo akakhala kuti analibe zambiri, inu simugwa kwambiri. Pa dzanja lathuli inu muli ndi mitima 11, iwo masipedi 9, pamodzi 20. Inu mukudya 8, iwo 12 mwinanso yonse 13. Chiwerengero sichinaname.

Mawu ofunika pa zonsezi ndi akuti nthawi yomweyo. Pali kachizolowezi koipa kokwera pang'onopang'ono. Munthu amanena pasi, adani n'kufika pa masipedi anayi, iye n'kudzidzimuka, "mitima isanu". Kapena amayamba ndi inayi, akamva masipedi anayi n'kuwonjezera isanu. Chilango chake n'chimodzimodzi, 500, koma phindu lija lapita. Adani alankhulana kale. Aliyense akudziwa zimene mnzake ali nazo, ndipo tsopano mwawapatsa mwayi wosankha modekha pakati pa kukupangani dabulo ndi kupitirira. Pamene mukanawakakamiza kulota, mwawapatsa mayeso amene mayankho ake awaona kale. Musanatsegule pakamwa, dzifunseni kuti adani akatchula gemu yawo, ine ndidzafuna kupitirira kodi? Yankho likakhala inde, pitani kumeneko tsopano lino. Likakhala ayi, imani pamene mwaima ndipo musadzasinthe maganizo.

Mitundu ya pa bolodi isaiwalike. Dzanja lachitatu lomwelo, inu muli ofiira iwo obiriwira, nkhani yatembenuka. Kugwa ndi milu itatu ndi 800, pamene gemu yawo ndi 420 ndi timalikisi towonjezera. Zoona, mnzanu akakhala wofiira amayenera kutchinga ndi dzanja lolimbirapo, koma ngakhale zili choncho ine ndimatsika khwerero limodzi. Mitima inayi yakwana.

Tsopano dzanja lachinayi, lovuta kuposa onse, chifukwa si lamphamvu ndiponso si lofooka. Masipedi atatu: kingi, jeki ndi kakang'ono. Mitima itatu yaing'ono. Madayamondi atatu: kingi, jeki ndi kakang'ono. Makilabu anayi: kwini, teni ndi tiwiri. Mapointi 10. Wotsatira Cohen mwachimbulimbuli awerenga kuti 7 ndi 3 ndi 10, n'kutchula mitima inayi. Ine ndikuti ayi. Dzanja ili lilibe mtundu waufupi, choncho timitima tanu titatu sitidula kanthu. Mnzanu angadye milu 7 kapena 8, ndipo dabulo ikabwera muli obiriwira mwalipira 300 kapena 500. Mwalipirira chiyani? Adani ali ndi mapointi 24, ndipo makingi ndi majeki anu akhala m'mitundu yawo yomwe. Masipedi anayi awo mwina apambana, mwina agwa, malinga ndi mbali imene kuli maeisi ndi makwini. Palibe chopweteka pa tebulo la bridge kuposa kulipira 500 pothawa gemu imene ikanagwa yokha. Akatswiri awiri, Mike Lawrence ndi Anders Wirgren, analemba buku lathunthu mu 2004 lotsutsa kudalira kwambiri chiwerengero cha Vernes, ndipo mfundo yawo inali yomweyi, yakuti milu imachokera ku mitundu yaifupi ndi ku zithunzi zimene zili pa malo ogwira ntchito, osati ku kuchuluka kwa matrampu kokha. Mbali zonse ziwiri zili ndi zoona zake. Chiwerengero chimagwira bwino pamene mphamvu za mbali iliyonse zili m'mitundu yake, ndipo chimaterereka pamene zithunzi zanu zili mwa adani. Ndiye kwezani ndi dzanja lamphamvu, kwezani ndi dzanja lopanda kanthu lokhala ndi matrampu ndi mtundu waufupi, koma ndi dzanja lapakatikati lathyathyathya ngati ili, khalani chete, mudikire kuteteza.

Mwina mwaona kale chinthu chokoma apa. Mawu akuti "mitima inayi" angachokere kwa munthu wa maeisi atatu uja, angachokerenso kwa munthu wopanda kanthu. Mdani sangasiyanitse. Akaopa n'kukhala chete, mwina mwamubera gemu ndi mapointi atatu. Akalimba mtima n'kutchula masipedi anayi, mwina wagwera m'manja mwa dzanja lachiwiri lija: dabulo, eisi ya madayamondi, eisi ndi kingi ya makilabu, kenako mnzanu n'kudula kilabu yachitatu ndi kasipedi kake kamodzi kaja, eisi ya masipedi ikadali m'manja mwanu. Kusadziwika kumeneku ndiye chida chenicheni, ndipo pali munthu mmodzi yekha amene angachithyole: mnzanu wotchinga uja, akalankhulanso.

Lamulo la pakati pa anthu awiri n'lakuti wotchinga walankhula kamodzi, watha. Wanena zonse zimene ali nazo m'mawu amodzi. Inu mukudziwa dzanja lake pafupifupi lonse, iye sadziwa lanu ngakhale pang'ono. Ndiye chiwongolero chili kwa inu. Taganizani muli ndi maeisi atatu aja, mwakweza, mdani walowa mumsampha ndi masipedi anayi, mukungodikira nthawi yanu kuti munene dabulo, mnzanu n'kutulukira ndi "mitima isanu" poti mitima yake ndi yokongola. Malikisi amene anali olowa asanduka okayikitsa. Anthu ambiri amene anasiyana pa masewerawa atasewera limodzi nthawi yaitali, mukawafunsa bwinobwino, mupeza kuti mkangano unayambira pa zotere. Ndipo ndinene mosabisa, mlanduwu si wa wotchinga yekha. Iye amazolowera kulankhulanso akaona kuti mnzake ndi wamantha, sakweza pamene anayenera kukweza. Mukamachita mbali yanu mokwanira pa ulendo woyamba, mnzanu saona chifukwa choti akuthandizeni kuganiza.

Pali kanthu kena kokhudza ulemu wa masewera. Dzanja lachinayi lija limafuna kuganiza, ndipo mukakhala nthawi yaitali mukusinkhasinkha kenako n'kunena pasi, mwamuuza mnzanu kuti muli ndi kanthu. Malamulo amamuletsa kugwiritsa ntchito uthenga wotero. Akalankhulanso pambuyo pa kuzengereza kwanu, adani ali ndi ufulu woitana woyang'anira mpikisano, ndipo iye angathe kusintha malikisi. Nkhani ya mauthenga a m'seri siiseweredwa pa bridge. Pa mipikisano ikuluikulu amaika chotchinga pakati pa tebulo kuti munthu asaone nkhope ya mnzake, ndipo kuyambira pamene osewera awiri anaganiziridwa kuti amapondana mapazi pa chikho cha 1975 ku Bermuda, anayamba kutchinga ndi kunsi kwa tebulo komwe. Mapangano anu onse, kuphatikizapo akuti kukweza kwanu kungakhale kopanda mphamvu, adani akafunsa mumawauza. Chimene simuwauza ndi makadi amene muli nawo lero.

Kutchinga kwina kumayambira pa khwerero lachiwiri, "mitima iwiri" kapena "masipedi awiri", ndi makadi 6 ndi mapointi a pakati pa 6 ndi 10. Maganizo ake ndi omwewo, mungochotsa trampu imodzi powerenga: mukakhala ndi atatu kwezani kufika pa itatu, mukakhala ndi anayi kufika pa inayi. Chosokoneza ophunzira n'chakuti kuchoka pa iwiri kufika pa itatu si kuitana mnzanu kuti apite ku gemu. Ndi kuwonjezera mpanda chabe, iye anene pasi. Mukafuna kumufunsa ngati dzanja lake lili kumtunda kapena kumunsi, ambiri anagwirizana kuti funsolo ndi "awiri opanda trampu", ndipo iye amayankha potchula mtundu umene ali ndi eisi kapena kingi yapambali, kapena amabwerera ku mtundu wake akakhala alibe. Ena amayankha mwa njira imene anaikonza Harold Ogust, yosonyeza mphamvu ya dzanja ndi ubwino wa mtundu pamodzi. Njira iliyonse ndi yabwino malinga nonse awiri mukudziwa imene mukutsata musanakhale pansi.

Muyang'anenso mpando umene mnzanu watchingira. Akatchinga ali wachiwiri kulankhula, mdani mmodzi atanena kale pasi, amadziwa kuti amene angamusokoneze ndi inu nomwe, ndiye dzanja lake limakhala la m'buku, mungalidalire. Akatchinga ali wachitatu, inu mutanena kale pasi, amadziwa kuti gemu kulibe kumbali yanu, ndipo amamasuka. Angakhale ndi makadi 6 m'malo mwa 7, angakhale ndi dzanja loipa kuposa mwa nthawi zonse, kapena labwino kuposa mwa nthawi zonse. Ntchito yosokoneza waigwira kale. Musamulange pomukweza ndi matrampu awiri kapena atatu opanda mtundu waufupi.

Mnzanu akatchinga ndi makilabu kapena madayamondi, dzanja lamphamvu limayang'ana kwina. Gemu ya mitundu imeneyi ndi milu 11, ulendo wautali kwa munthu wa mapointi 6. Yapafupi ndi milu 9 yopanda trampu, ndipo chinsinsi chake ndi chomwe chinasowa pa dzanja loyamba lija, njira yofikira kwa mnzanu. Iye ali ndi makilabu 7 otsogozedwa ndi kingi, kwini ndi jeki. Inu muli ndi eisi ya makilabu ndi kakang'ono. Mudya ndi eisi, muwoloka ndi kakang'onoko, milu 7 yatsika motsatizana. Mukakhala ndi maeisi ena awiri ndi chotsekera mtundu wachinayi, ndi 9. Koma eisi ya makilabuyo ikakhala yokhayokha popanda kakang'ono, ngakhale mutakhala ndi mapointi 18, bwererani mukawerengenso, chifukwa mudya mulu umodzi wa makilabu n'kutsalira tsidya lino.

Nthawi yathu yathera pamenepa. Makadi mwayalawo musawasonkhanitse msanga. Sinthanitsani sipedi imodzi ya dzanja lachinayi ndi kilabu, kapena muchotse dayamondi ziwiri muikepo makilabu, muone pamene pasi akusandukira mitima inayi.